Mawu amene ndinkati ndi a kukhitchini

Lachiwiri usiku magetsi atathima ndinatulutsa Baibulo lachingerezi la King James limene malemu agogo anasiya m'sutikesi, n'kumaliwerenga ndi tochi ya pafoni. Cholinga chinali kuzolowera Chingerezi chakale basi, poti mayeso ayandikira. Nditafika pa Chivumbulutso 18:7 ndinaseka ndekha. Pamenepo akunena za Babulo, ati "lived deliciously". Ine mawu oti "delicious" ndinkawadziwa a pa chambo chootcha ndi chipisi. Ndiye mzinda wonse ukhala bwanji mokoma ngati ndiwo?

M'mawa mwake ndinafufuza. Mawuwa analowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa chakale, koma muzu wake ndi Chilatini, "deliciae", kutanthauza zokondweretsa, zokopa mtima. Sizinali za pakamwa pokha ayi. Pamene Baibuloli linkatuluka mu 1611, kunena kuti munthu akukhala "deliciously" kunali kunena kuti akudyerera, ali pa mwanaalirenji, thupi likapempha kanthu salimana. Ndipo apa si chiyamikiro, ndi mlandu. Vesi lomwelo likuti monga mmene anadzikwezera n'kudyerera, mumupatse mazunzo ndi chisoni chofanana nazo. Pa vesi 9 mawuwa abweranso, akunena mafumu a dziko amene ankadyerera naye limodzi.

Chimene chinanditsegula maso ndi mavesi 12 ndi 13, pomwe alemba katundu amene amalonda ankamugulitsa: golide, siliva, ngale, silika, minyanga ya njovu, sinamoni, vinyo, mafuta, ufa wosalala, akavalo, magaleta. Ukuwerenga umangomva ngati uli pamsika waukulu. Kenaka kumapeto kwenikweni, pamndandanda womwewo, pali akapolo ndi miyoyo ya anthu. Ndinabwereza kawiri. Kukoma kuja kunali ndi amene ankakulipira ndi msana wawo.

Mabaibulo achingerezi a masiku ano ambiri anawasiya mawuwa, amalemba "luxury". Sindikuwadzudzula, wowerenga wa lero angasokonezeke ngati ine. Koma ndikuona kuti china chinatayika, chifukwa "luxury" amandikumbutsa galimoto ndi hotela, pomwe "deliciously" umamva munthu akunyambita zala.

M'kope langa ndalemba tanthauzo lakale ndi inki yofiira, latsopano ndi yabuluu. Pansi pake ndawonjezera "delicately" wa pa Luka 7:25, wonena za okhala m'nyumba za mafumu, amene ndikufuna ndimuone sabata yamawa popeza ndi wa banja lomwelo.