Mpeni wopinda wa m'thumba pamene ndalama zili zochepa

Pa chala changa cholozera cha kudzanja lamanja pali chipsera chimene ndinachipeza chifukwa chokonda zonyezimira. Ndinali nditagula mpeni wopinda kwa wamalonda wina wa m'mbali mwa msewu, mpeni wakuda bii wokhala ndi chithunzi cha chinjoka pa chogwirira, mano ngati a sowo kumsana kwake, ndiponso kachitsulo kokolowekera pa thumba la thalauza. Patangopita milungu itatu, ndikusenda nzimbe, nsonga yake inakodwa pa mfundo, ndipo nditakankha mwamphamvu loko anamasuka, mpeniwo n'kupindikira pa chala. Nditaupenda bwino pambuyo pake ndinaona kuti kachitsulo kamene kanayenera kuutchinga kanali kopyapyala ngati chitini cha sadini. Akuluakulu ananena kale kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma ine ndinafunika kuona magazi anga kaye kuti mawuwo andilowe.

Wopanga mpeni wotsika mtengo amakhala ndi ndalama zochepa zoti agawe pa zigawo zake zonse. Akaziwononga pa utoto, mabatani, masipuling'i otsegulira ndi zithunzi, ndiye kuti wabera kwina, ndipo kawirikawiri kumene amabera ndi kumene maso a wogula safika msanga: pa msomali umene mpeni umazungulirapo, pa loko, ndi pa kaphikidwe ka chitsulo. Choncho munthu wa thumba lopepuka ayenera kufuna mpeni wa zigawo zochepa, umene wakhala ukupangidwa mwanjira imodzimodziyo kwa zaka zambiri, chifukwa pa mpeni woterowo palibe pobisa chinyengo.

Mpeni woyamba wa mtundu umenewu umene ndinaudziwa unali Okapi wa amalume anga, amene anabwera nawo kuchokera ku Joni. Anthu ambiri amauyesa wa ku South Africa chiyambire, koma unayamba kupangidwa ku Solingen m'dziko la Germany mu 1902, poganizira misika ya kuno ku Africa, ndipo ntchito youpanga inasamukira ku South Africa mu 1988. Kapangidwe kake n'kosavuta kumvetsa. Kumsana kwa chogwirira chamtengo kuli sipuling'i yaitali yoonekera, imene imagwira mano a kutsinde kwa mpeni, n'chifukwa chake potsegula umalira kuti tche-tche-tche. Ndipo kuti utsekeke, munthu amakoka kamphete kamene kali pa sipuling'iyo. Chilichonse chili poyera, kotero kuti ngati sipuling'i yafooka kapena msomali wakhwepa, mumaona ndi maso anu musanalipire. Amalume ankasemera mipini, ankadulira luzi, ankaphera nkhuku ya alendo, ndipo akamaliza ankaupukuta pa thalauza. Tsiku lina atandiona ndikuutsegula ndi kuutseka mobwerezabwereza kuti ndizimva kulira kwake, anandilanda n'kunena kuti, "Iwe, mpeni si chidole. Ukautsegula, uzikhala ukudziwa chimene ukufuna kudula." Ndinangoyankha kuti, "Ndamva, amalume," koma m'kati mwanga ndinkaulakalaka kwambiri.

Okapi ali ndi zofooka zake, ndipo sindizibisa. Watsopano nthawi zambiri amabwera wosathwa kwenikweni, moti tsiku loyamba limathera pa mwala wonolera. Ofanizira ake ndi ochuluka m'misika, ena a sipuling'i yofewa imene mungaikweze ndi chikhadabo. Komanso m'matauni a ku South Africa dzina lake linadetsedwa ndi atsotsi, kotero kuti kuutulutsa pagulu kuti mudule chingwe cha katoni kungachititse anthu kukuyang'anani mwachilendo. Kumunda ndi kudimba ndi mpeni wabwino. Mu ofesi ndi mu minibasi, Okapi wamkulu uja ndi wolemetsa thumba ndiponso woopsa maso.

Umene ndimayenda nawo masiku ano ndi Opinel nambala 8, umene mnzanga wina anandigulira ali paulendo. Joseph Opinel anayamba kupanga mipeni imeneyi mu 1890 m'chigawo cha Savoie ku France, ndipo mu 1955 mwana wake Marcel anawonjezerapo mphete yozungulira yotchedwa Virobloc, imene mumaipotoza ndi chala kuti mpeni usapindike. Zigawo zake zonse ndi zisanu zokha: mpeni weniweniwo, chogwirira chamtengo, msomali, mkombero wachitsulo ndi mphete ija. Mulibe sipuling'i yoti ithyoke. Mbali yodulira ndi yaitali masentimita 8.5, ndipo ndi yopyapyala, zimene zimachititsa kuti ulowe m'mango kapena m'chinangwa popanda kung'amba. Kupyapyalako ndiye malire akenso, pakuti amene angaugwiritse ntchito ngati sikuludiraiva kapena chotsegulira chitini cha penti adzathyola nsonga tsiku lomwelo. Vuto lina limaoneka m'dzinja: mtengo wa chogwirira umamwa chinyezi n'kufufuma, ndipo mpeni umakana kutuluka. Njira yake, imene eni ake a ku Savoie amaidziwa kuyambira kale, ndi kugogoda kumapeto kwa chogwirira pa tebulo kuti nsonga idzuke pang'ono, kenako n'kuikoka. Ine ndinapaka mafuta pang'ono pa mtengo wa pafupi ndi msomali, ndipo kuyambira pamenepo vutolo linachepa.

Pa nkhani ya chitsulo m'pamene amalonda amasokoneza anthu kwambiri. Mawu akuti Stainless amene amadindidwa pa mpeni amangotanthauza kuti m'chitsulomo muli chromium wokwanira, kuyambira magawo 10.5 pa 100 alionse, woti chisachite dzimbiri msanga. Sanena kanthu za kulimba kwake. Kulimba kumachokera ku kaboni amene ali m'chitsulo ndi ku mmene wopangayo anachitenthera ndi kuchiziziritsa, ndipo zimenezi sizioneka ndi maso. Chitsulo chosaphikidwa bwino chimakhala chofewa, moti kuthwa kwake kumapindika mukangodula katoni imodzi, kapena chimakhala chouma mopitirira, moti chimabenthuka chikakhudza fupa. N'chifukwa chake dzina la wopanga wodziwika limandilimbitsa mtima kuposa manambala odindidwa pa chitsulo. Opinel amapanga mitundu iwiri, wa chitsulo cha kaboni ndi wosachita dzimbiri wa chitsulo cha ku Sweden chotchedwa 12C27. Wa kaboni amathwa msanga pa mwala wamba ndipo amathwa ngati lezala, koma mukadulira ndimu kapena mango osapsa amada nthawi yomweyo, ndipo mukamusiya wonyowa usiku umodzi mudzam'peza ndi madontho a dzimbiri. Kuda kuja si vuto, ndipo kumatetezako chitsulo. Dzimbiri lofiira ndilo loyenera kulichotsa. Kwa munthu wokhala kunyanja, wogwira nsomba tsiku ndi tsiku, kapena amene amadzidziwa kuti sadzakumbukira kupukuta, wosachita dzimbiri ndiye woyenera. Ine ndinasankha wa kaboni chifukwa kunola ndimakukonda.

Si aliyense angapeze mipeni ya mayina amenewa pafupi, ndipo nthawi zambiri munthu amaima pa benchi ya wamalonda pali mipeni khumi yosadziwika kwawo. Pamenepo manja anu ndiwo ayenera kugwira ntchito. Tsegulani mpeniwo mpaka ukhazikike, mugwire kumsana kwake pafupi ndi nsonga, ndipo muugwedeze cham'mbali, kenako m'mwamba ndi pansi. Kugwedera pang'ono kwa cham'mbali kumatheka kukonza ngati msomali uli wa bawuti yomangika, kapena pougogoda mosamala ndi hamala ngati uli wokhomerera. Koma kugwedera kwa m'mwamba ndi pansi kumasonyeza kuti loko sakugwira, ndipo mpeni woterowo ubwezereni pa benchi ngakhale wamalonda atatsitsa mtengo ndi theka. Kenako, zala zanu zili kutali ndi njira imene mpeni umadzera potsekeka, kankhani kumsana kwake ndi chikhatho kuti muone ngati loko angalole. Ndikanachita zimenezi tsiku lija, bwenzi chala changa chili chosalala. Pomaliza utsekeni n'kuona ngati wagona pakati pa chogwirira osakhula mbali imodzi, ndiponso ngati nsonga yabisika yonse, chifukwa nsonga yosuzumira kunja imang'amba thumba ndipo tsiku lina idzapeza chala chofufuza makiyi.

Mipeni ya mano ngati a sowo sindiilimbikitsa kwa munthu wofuna mpeni umodzi wa ntchito zonse. Imadula zingwe za nayiloni bwino ikakhala yatsopano, koma ikabuntha simungainole pa mwala wafulati.

Kukula kwa mpeni kumakhudzanso malamulo, makamaka kwa abale athu okhala kunja. Ku England ndi Wales lamulo la Criminal Justice Act la mu 1988 limalola munthu kuyenda pagulu, popanda kupereka chifukwa, ndi mpeni wopinda umene mbali yake yodulira siposa mainchesi 3, omwe ndi masentimita 7.62, ndipo makhoti a kumeneko anagamula kuti mpeni wokhala ndi loko suli m'gulu limeneli. Izi zikutanthauza kuti Okapi wa kamphete ndi Opinel nambala 8, amene kwathu ndi zida wamba za kumunda, angam'gwetse munthu m'mavuto ku London kapena ku Manchester. Kumeneko mpeni waung'ono wa Victorinox wopanda loko, wa kampani imene Karl Elsener anayambitsa ku Ibach m'dziko la Switzerland mu 1884, ndiwo woyenera thumba. Pokwera ndege, mpeni uliwonse uzilowa m'chikwama chachikulu chopita kunsi kwa ndege, kuopa kuusiya m'manja mwa achitetezo a pabwalo. Ndipo ngakhale kwathu kuno, mpeni suyenera kupita nanu kumowa kapena kumpira.

Chimene chimasiyanitsa mpeni wotsika mtengo wokhalitsa ndi wotayidwa ndi kunola. Ine ndimanyowetsa mwala ndi madzi, n'kugoneka mpeni mopendekeka pafupifupi madigiri 20, ndipo ndimaukankha ngati ndikufuna kusenda kachikopa kopyapyala pamwamba pa mwalawo. Ndimapitiriza mbali imodzi mpaka chala chikamva kachitsulo kokanda kakupindikira kumbali inayo, kuyambira kutsinde mpaka kunsonga, ndipo pokhapo m'pamene ndimatembenuza. Anthu ambiri amatembenuza msanga, ndipo amadabwa kuti anola kwa nthawi yaitali koma mpeni sukuthwa. Kachitsulo kokandako kamachoka pokoka mpeni chobwerera m'mbuyo pa lamba wachikopa kangapo. Ndikakhala paulendo popanda mwala, ndimavundikira kapu yadothi n'kunolera pa mkombero wa pansi pake, pamene sipanapakidwe zonyezimira. Kwa anthu onola pa makina a magetsi m'misika sindipitako ndi mpeni wa m'thumba, chifukwa gudumu lothamanga limadya chitsulo chambiri ndiponso limatenthetsa kuthwa mpaka kufewa.

Pa msomali ndimadonthezapo mafuta a makina osokera kamodzi pa mwezi, nditachotsa kaye ulusi ndi fumbi la m'thumba ndi kamtengo ka machesi. Pa mbali yodulira, popeza imakhudza chakudya, ndimapaka mafuta ophikira pang'ono chabe n'kupukuta. Nyengo ya mango ikafika, Opinel wanga amada mpaka kuoneka ngati wakale kuposa Okapi wa amalume uja, amene tsopano amakhala m'dengu la zipangizo za kudimba, sipuling'i yake ikugwirabe.