Kafukufuku wa konkire uja watha, zikomo nonse

Abale anga lero ndapereka lipoti lomaliza la postdoc (kafukufuku amene munthu amachita akamaliza PhD), mtima wakhala pansi ndiye ndati ndisagone ndisanathokoze.

Ambiri mumandifunsa kuti zaka ziwiri zonsezi kumangojambula simenti basi? Nkhani yake ndi iyi, diso lathuli limaona kuwala kuyambira cha pa 400 mpaka 700 nm (nm ndi muyeso wa kutalika kwa mafunde a kuwala) pomwe kamera ya hyperspectral, yoona ndi kuwala komwe maso saona, imene ndinabwerekedwa imafika ku 2500 nm, ndipo madzi amameza kuwala cha pa 1450 ndi 1940 nm, ndiye konkire amene ndi maso akuoneka kuti wauma yense pa sikirini umachita kuona mbali yomwe yauma msanga ndi yomwe ikadali ndi chinyezi, osaswa kanthu.

Koma sizinali zophweka ayi. Tsiku lina magetsi atabwera mwamphamvu nyale ya halogen inapsa pamodzi ndi bokosi lake, ndinadikira miyezi inayi kuti zina zifike, ndalama ya pulojekiti ikutha, ine tulo osabwera. Mayi a ana, geni yanu ya zitenje ndi imene inatidyetsa nthawi imeneyo ndipo simunandinyozepo olo tsiku limodzi, Mulungu akudalitseni. A profesa anga kunja kuja, zikomo posanditaya.

Amene ndikufuna muwadziwe kwambiri ndi mabilida a ku Luwinga ndi Chibavi ku Mzuzu. Anthuwa amandiumbira timabuloko ta 150 mm mmawa kukuzizira kuja kwa mu June, manja atachita kuuma, nkumativiika mu diramu masiku 28 osaphonya, wina mpaka anakankha wilibala ya mchenga mu matope mvula ikuwaza chifukwa galimoto inakanika kulowa. Akapitawo awo, bambo achikulire ndithu, anangotenga fosholo nkutembenuza kawiri nkunena kuti "adokotala uyu madzi achuluka, sadzalimba." Ndinalemba nambala ya batch imeneyo mu kope. Patatha masiku 28 kamera inaonetsa kusiyana, titakaphwanya pa mashini timabuloko tomwe tija ndi timene tinayamba kusweka. Ndinakhala kaye chete mu labu muja.

Bambo, dzina lanu sindilemba pano poti simukonda zimenezo koma mu lipoti lilimo, yewo chomene. Loweruka ndikubwera ku saiti ndi zithunzi zija munati mukufuna muone nokha.