Kupukuta kaliwo wakale kuchigwa kuno

Abale, mukapeza kaliwo wakale m'sutikesi ya agogo, uja anabwera naye kuchokera ku Joni nthawi ya Wenela, chonde musathamangire polishi wa nsapato kapena wofiira wa pansi uja. Amenewo ali ndi mankhwala onunkha ngati parafini, mtengo ukangotentha fungo lonse limatuluka, ndiye kumbukirani kuti ichi ndi chinthu chopita kukamwa.

Akaliwo ambiri akunjawa anasema ndi briar, chitsa cha mtengo wa Erica arborea womera mozungulira nyanja ya Mediterranean, ku Italy, Greece, Algeria konseko. Mtengowo ndi wolimba, nsalu yonyowa pang'ono imachotsa litsiro basi. Ntchito yeniyeni ili pa kapaipi kakuda kolumako. Nthawi zambiri kamakhala ka ebonite, labala yowumitsa ndi sulfa, ndipo dzuwa ndi malovu zimakasandutsa kofiirira kapena kobiriwira, mkamwa nkumawawa. Mukapaka phula pamenepo mwangokwirira dzimbiri, mawa lomwe litulukiranso. Pamafunika sandipepala wa madzi, yemwe amagwiritsa ntchito openta galimoto uja, kuyambira 600 kenako 800, 1000, 1500 mpaka 2000, osadumpha nambala ayi chifukwa aliyense amafufuta mikwingwirima ya mnzake, ndipo ine ndimapala kapaipiko kali kolowetsa m'mutu mwake, mtengo nditaukulunga tepi, kuti m'mphepete polumikizira pasadyeke. Kumaliza kwake mankhwala otsukira mano pa kansalu amathandiza ndithu. Amene muli ndi abale kunja akutumizireni Micro-Mesh, mtundu wa sandipepala wosalala kwambiri, imafika mpaka nambala 12000.

Zilembo zodinda m'mbalimo musazikhudze ndi sandipepala olo pang'ono. Kaliwo wa kampani ya Peterson ya ku Dublin kapena wa Dunhill wa kadontho koyera uja mumamudziwira pomwepo, zikafufutika palibenso kubweza. Zimandiwawa ndikaona kaliwo wonyezimira koma dzina lake linapita.

Tsopano phulalo. La njuchi ndi losavuta kupeza kwa alimi a njuchi, koma limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64 ndipo limayamba kufewa lisanafike nkomwe pamenepo. Ganizirani Okutobala wa ku Nchalo, Ngabu kapena Bangula, kutentha kupitirira 40, kuphatikizapo moto wa fodya ndi thukuta la m'manja, kaliwo amayamba kumata ndiye fumbi lonse la mumsewu limakakamira pompo. Carnauba, mtundu wina wa phula, ndiye woyenera kuno, amachokera ku masamba a kanjedza wa kumpoto chakum'mawa kwa Brazil ndipo amafuna madigiri oposa 80 kuti asungunuke. Vuto lake ndi louma gwa, pamanja silimatika bwino, limafuna gudumu la nsalu lozungulira pang'onopang'ono. Girayinda ya owotcherera ija imathamanga kwambiri, ipsereza kapaipi kapena kukulandani kaliwo nkumumenyetsa pansi, ndiye ngati mwapita kumeneko gwirani zolimba ndipo muzingokhudzitsa, osakanikiza.

Ngati muli ndi la njuchi lokha palibe cholakwika, bola kachepe kwambiri. Fundani mtengowo m'manja, pakani kochepa, kenako pukutani ndi chitenje chakale cha thonje mpaka chala chisamamatenso. Kwa akaliwo okakala aja kamswachi kakale kamalowetsa phula m'maenje nkuchotsa lotsala. M'kati moyika fodya musapakemo kanthu. Mukamaliza sungani m'kabati kapena m'kathumba ka nsalu, osati pawindo, dzuwa la kuno silichedwa kubwezeretsa mtundu wobiriwira uja pa ebonite.