Miyezi itatu ndi Chikoreya: kope ladzaza, kimchi wachiwiri wapsa

Lero ndi pa 9 Okutobala, tsiku limene anthu a ku South Korea amakumbukira zilembo zawo za Hangul. Ndasankha dala kulemba lero chifukwa kope limene ndinagula kumayambiriro kwa Julaye ladzaza usiku wathawu. Masamba oyambirira ndi timizere tokhotakhota, ngati mmene nkhuku imapalasira pabwalo. Tsamba lomaliza lili ndi ziganizo zisanu ndi chimodzi zimene ndalemba ndekha osayang'anira pena.

Ndinalowera khomo limene ambiri amalowera, la masewero a pa kanema. Mng'ono wanga anandiikira m'foni Dae Jang Geum, sewero la 2003 la magawo 54, lonena za mtsikana wophika kunyumba ya mfumu m'nthawi ya ufumu wa Joseon, amene pambuyo pake anadzakhala sing'anga wa mfumuyo. Ndinkatsatira nkhani powerenga mawu a Chingerezi a m'munsi mwa kanema, koma khutu linkandiuza kuti pali zina zimene zikutayika. Mtsikanayo akamalankhula ndi mnzake mawu ankatha mwachidule, akamalankhula ndi wamkulu ankatalika ndi kufewa. Chingerezi chinkangowaphatikiza onse pa liwu limodzi. Ine amene ndinakula ndikudziwa kuti "iwe" ndi "inu" si chimodzi, ndinafuna kumva ndekha.

Zilembo sizinandivute monga ndinkaopera. Mfumu Sejong inazikonza mu 1443 n'kuzilengeza mu 1446. Kale Akoreya ankalemba ndi zilembo za Chitchaina, zikwizikwi, zimene ankazidziwa ndi anthu apamwamba okha omwe anali ndi nthawi yokhala pansi zaka zambiri. Mfumuyo inafuna kuti mlimi naye azitha kulemba zimene zili kumtima kwake. Akuluakulu ena a m'bwalo lake, motsogozedwa ndi Choe Malli, anatsutsa mu 1444, koma ntchito inapitirira. Zilembozo zinali 28, pano zikugwira ntchito ndi 24, ndipo nkhope ya Sejong ili pa ndalama ya mawoni 10,000.

Chimene chinandigwira mtima ndi mapangidwe ake. Chilembo ㄴ, chomwe ndi n, ndi chithunzi cha lilime litakhudza nkhama zakumwamba. ㄱ, chomwe ndi g, ndi tsinde la lilime litakwera kutseka kummero. ㅁ (m) ndi kamwa, ㅅ (s) ndi dzino, ㅇ ndi mmero. Ndinaima pa galasi madzulo ena, kope kumanja, ndikutchula "na, ga, ma" pang'onopang'ono uku ndikumvetsera kumene lilime likupita, ndipo linkapitadi kumene chilembo chajambula. Mavawelo anawamanga pa zinthu zitatu: kadontho ka kumwamba, mzere wogona wa dziko ndi mzere woimirira wa munthu. Zilembozi sazindandalika monga timachitira ife, amaziunjika m'timabokosi, kabokosi kamodzi phatikizo limodzi. Patatha masiku asanu ndi anayi ndinkatha kutchula liwu lililonse, ngakhale tanthauzo ndisakulidziwa. Pano chikwangwani chikaoneka mu sewero ndimawerenga mawu awiri kapena atatu kanema asanasunthe.

Pa katchulidwe, Chichewa chandinyamula mtunda wautali. Anthu ambiri ophunzira Chikoreya amadandaula kuti sasiyanitsa p wopanda mpweya ndi ph wampweya. Ife "pala" ndi "phala", "kola" ndi "khola" tinayamwira. Chilembo ㄹ chimamveka r pakati pa mavawelo koma l kumapeto kwa phatikizo, ndipo kwa munthu amene amanena "lero" osaona ngati watchula zinthu ziwiri zosiyana, zimenezi n'zapakhomo. ㅇ akakhala kumapeto ndi ng' wa ng'ombe uja.

Koma pali pamene ndakakamira. Akoreya ali ndi mtundu wachitatu, wotchulidwa mmero utaumitsidwa, wopanda mpweya ngakhale pang'ono. Bul ndi moto, pul ndi udzu, ppul ndi nyanga. Dal ndi mwezi, tal ndi chigoba cha kumaso, ttal ndi mwana wamkazi. Ndimayika kapepala patsogolo pa milomo: pa pul kayenera kuuluka, pa bul kangogwedezeka, pa ppul kakhale chete. Milungu itatu tsopano, ppul akutheka mwina kawiri pa kasanu. Vuto lina n'lakuti mawu athu onse amathera pa vawelo, choncho pakamwa pamafuna kunena "bapu" pomwe liwu ndi bap, milomo itseke basi. Mavawelo eo ndi eu, omwe mwa asanu athu mulibe, ndimawajambula m'foni n'kudzimvetsera m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito.

Manambala ndingowadutsa, chifukwa ndikadali m'katikati. Alipo a mitundu iwiri, hana, dul, set ndi il, i, sam, ndipo potchula nthawi maola amatenga mtundu woyamba, mphindi wachiwiri.

Nkhani ya ulemu ndi imene inandibweretsa, ndipo ndi imene yandikhazika. Kwa mnzako wa msinkhu umodzi kapena mwana umalankhula banmal, mawu odula. Kwa munthu wosamuzolowera umawonjezera -yo kumapeto. Pamsonkhano, pa nkhani za pa wailesi kapena kwa bwana, mneni amathera pa -seumnida. Mawu ena amasinthiratu: chakudya ndi bap, koma cha agogo ndi jinji, mwana akagona ndi jada, wamkulu akagona ndi jumusida. N'chifukwa chake anthu akangokumana safulumira kumasuka asanadziwane zaka, pakuti popanda kudziwa wamkulu ndani sudziwa mothera chiganizo. Mtsikana amaitana mkulu wake eonni, mlongo wake wamkulu oppa. Mnyamata amati hyeong ndi nuna. Mayina amenewa amapitirira mpaka kwa anzako osakhala achibale, monga timanenera achimwene ndi achemwali kwa munthu wa pa minibasi.

Tsiku lina ndinamva mayi mu sewero akuitanidwa ndi dzina la mwana wake kutsogolo, kenako eomma, kutanthauza mayi. Ndinaimitsa kanema n'kubwezanso. Ndi "make uje" yemweyo, amene amayi anga akhala akuitanidwa chibadwire ine. Polandira chinthu kwa wamkulu amalandira ndi manja awiri, kapena dzanja lina litagwira mkono. Mnyamata akamamwa pamaso pa apongozi amatembenuzira nkhope kumbali. Sindikunena kuti ndife amodzi. Ulemu wawo uli ndi mizu m'chiphunzitso cha Confucius, mphunzitsi wakale wa ku China, chimene ufumu wa Joseon unachigwiritsa kuyambira 1392 mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo masewero awo omwe amaonetsa mmene ulemuwo umapsinjira wamng'ono kuntchito, osatha kuyankha ngakhale walakwiridwa. Koma ndikamaphunzira sindiyamba ngati mlendo weniweni. Ngakhale moni wawo wina ndi funso lakuti "mwadya?", ndipo bap amatanthauza mpunga wophika komanso chakudya chonse, monga ife tikati sitinadye pomwe tadya mbatata koma nsima ayi.

Tsopano za kukhitchini. Kimchi ndi ndiwo zawo za kabichi wosasitsa. Woyamba ndinapanga pakati pa Sepitembala ndipo sanayende. Kabichi wawo wautali wothinana sindinamupeze, ndiye ndinagula chainizi pamsika. Ndinamuthira mchere maola awiri, kumutembenuza, kumutsuka katatu. Ndinaphika kaphala ka ufa wa mpunga, n'kusakaniza adyo, jinja, anyezi, karoti ndi msuzi wa usipa wouma m'malo mwa tinsomba ndi tinkhanu ta mchere timene iwo amagwiritsa. Ndinalakwa pawiri. Ndinathira kambuzi, pomwe tsabola wawo, gochugaru, ndi wofiira kwambiri koma wosawawa kwenikweni, n'chifukwa amathira wambiri. Kenako ndinasiya botolo pa shelefu masiku anayi m'kutentha kuno. Linafufuma, madzi n'kusefukira, masamba n'kulobodoka. Tizilombo timene timasasitsa kimchi ndi ta mtundu womwe umasasitsa chambiko, ndipo kukatentha timathamanga. Ku Korea amapanga wambiri kumapeto kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Disembala, chisanu chikuyamba, pa mwambo wa kimjang, pamene abale ndi anansi amasonkhana kukonza makabichi ochuluka oti adye mpaka dzinja lawo litatha. UNESCO inaulemba mwambowu m'kaundula wake mu 2013. Kale ankakwirira mitsuko ya dothi, onggi, m'nthaka kuti kuzizira kukhale kofanana. Lero mabanja ambiri ali ndi firiji ya kimchi yokha. Ndinaganizira agogo anga akuyanika mfutso pa mphasa, nkhawa yake ndi yomweyo ya ndiwo za miyezi yovuta.

Wosasa uja sindinataye. Akoreya amaphika naye msuzi wotchedwa kimchi jjigae, ndipo ndi nkhumba pang'ono unadyeka bwino, ngakhale kambuzi anatitulutsa thukuta.

Wachiwiri ndinayamba ndi tsabola. Ndinagula wamkulu wofiira, kumung'amba, kuchotsa njere zonse, kumuyanika padzuwa masiku asanu, n'kusinja mumtondo osafika pa ufa wosalala. Manja anafiira mpaka m'zikhadabo. Botolo ndinalisiya panja usiku umodzi ndi usana umodzi, n'kutsegula kawiri kukanikiza masamba kuti amire m'madzi ake. Timathovu titayamba kukwera ndinalilowetsa mu firiji. Lakhalamo sabata. Dzulo ndatsegula: mapesi akukhukhuta pa mano, kuwawasa kwake n'kofatsa, fungo la adyo ladzaza nyumba.

Amayi anali atabwera kudzationa. Anayamba anunkhiza, n'kufunsa ngati ndiwozo ndaphika. Nditati ayi, anangoti "Mwana iwe," koma anatapa pang'ono n'kudyera nsima. Anatapanso kachiwiri. Pochoka anapempha kuti ndiwaikire m'kabotolo kakang'ono akalawitse bambo, ndipo pa chivindikiro ndinalembapo 김치, kimchi m'zilembo zawo, ndi dzanja langa. Kope latsopano ndagula m'mawa uno, tsamba loyamba ndi la bul, pul ndi ppul.