Paipi ya mainchesi 4 yomwe ndinakana kusainira

Pakanapanda Lachitatu, sabata ino sindikanalemba kanthu. Lolemba ndinatanganidwa ndi mapepala, Lachiwiri tinasintha ma gasket awiri ndi geji ina yomwe singano yake inakakamira pa 10 bar kalekale. Izo n'za tsiku ndi tsiku.

Lachitatu m'mawa bwana woyang'anira kapangidwe ka katundu anandipeza ali ndi pepala m'manja. Pampu yatsopano yafika, ndiye akufuna kuti presha ya mu laini ya madzi ya mainchesi 4 ichoke pa 28 bar ifike pa 40 (bar ndi muyeso wa presha). Chotsala ndi siginecha yanga basi. Pepalalo linali tebulo la manambala lomwe analipeza pa intaneti, losonyeza presha yomwe paipi imapirira malinga ndi Schedule yake, kutanthauza kuchindikala kwa khoma lake.

"A injiniya, taonani apa. Schedule 40 imapirira 145 bar. Ife tikungopempha 40. Vuto lili pati?"

Nambala yawoyo sinali yabodza, ndipo n'chimene chinandiwawa kwambiri. Mukatenga fomula ya Barlow yowerengera presha yomwe paipi ingapirire, P = 2St/D (S ndi mphamvu yomwe chitsulo chimaloledwa kusenza, t ndi khoma, D ndi kukula kwa kunja), n'kuikamo 138 MPa ya chitsulo cha A106 Grade B, khoma la 6.02 mm ndi kukula kwa kunja kwa 114.3 mm, mupezadi 14.5 MPa, yomwe ndi 145 bar. Koma imeneyo ndi paipi ya m'buku, yomwe sinalawepo dontho la madzi. Ngakhale yatsopano, opanga amaloledwa kuipyapyalitsa ndi 12.5 peresenti, ndiye timawerengera pa 5.27 mm tisanachotseretu gawo la dzimbiri. Yathuyi yakhala ikugwira ntchito ine ndisanalembedwe n'komwe.

Ndinawauza kuti, "Bwana, ndipatseni tsiku la lero ndiyeze khoma." Anandiyang'ana ngati ndikuwadyera nthawi dala.

Kuyeza kwake ndi chiyani? Makina athu a ultrasonic, oyezera kuchindikala kwa khoma la paipi, anafa mwezi wachisanu uno. Fomu yopempha atsopano ndailemba kawiri, ndipo konseko yankho n'lakuti bajeti palibe. Bajeti ya pampu inapezeka. Ndinachita kubwereka kwa kontirakitala amene akukonza thanki kuseri, ngati mwana wopempha pensulo m'kalasi.

Tinakwera pa makwerero ine ndi fitala wathu wamkulu, bambo amene amamva kudwala kwa paipi ndi khutu. Anapala utoto, ine n'kupaka jelo. Pa mbali yowongoka tinapeza 4.8 mm, kenako 4.6. Mtima unayamba kukhala pansi. Titafika pomwe paipi yangochoka pa elbow (chigongono cha paipi), pamene madzi amakhula khoma akakhota, makina anati 1.9. Ndinaganiza kuti sindinakanikize bwino. Ndinapukuta, kupakanso jelo, kuyezanso: 1.9. Ndinayesa makinawo pa kachitsulo koyezera, anali bwinobwino.

Pamene ndinali kulemba, fitala uja anayendetsa chala m'litali mwa paipi pomwe anapala. "Achimwene, iyi ili ndi msoko. Si ya seamless iyi." Ndinayang'anitsitsa, zoonadi. Chojambula cha mu ofesi chimati A106, yomwe ndi paipi yopanda msoko, koma winawake, chaka china chake, anaikapo chidutswa cha paipi yowotcherera, ndipo satifiketi yake mu faelo mulibe. Msoko umachepetsa presha yomwe paipi imaloledwa kupirira, ndiye mu fomula ija timachulukitsanso ndi nambala yotchedwa E. Mu ASME B31.3, buku la malamulo a mapaipi a m'mafakitale, paipi yopanda msoko imatenga E ya 1.0, ya ERW (yowotcherera ndi magetsi) imatenga 0.85, ndipo yowotcherera m'ng'anjo imatsika mpaka 0.60. Ndinaichitira chifundo n'kuipatsa 0.85.

Ndinawerengera pa makwerero pomwepo, pa foni. 2 kuchulukitsa ndi 138, ndi 0.85, ndi 1.9, kugawa ndi 114.3. Yankho: 3.9 MPa. 39 bar. Iwo akufuna 40, tsiku lililonse, usana ndi usiku.

Ndipo sizinathere pomwepo. Ndinakafukula lipoti lakale, la zaka 4 zapitazo, lomwe linalemba 3.5 mm pa malo omwewo. Ndiye kuti khoma likudyeka 0.4 mm pachaka. Pa 28 bar yomwe tilipo lero pakufunika pafupifupi 1.4 mm, kutanthauza kuti ngakhale pampu yatsopano itakhala m'bokosi mwake, chidutswacho chatsala ndi chaka chimodzi ndi miyezi yochepa. Kumapeto kwa lainiyo kulinso valavu yotseka mwadzidzidzi. Madzi othamanga mamita 2 pa sekondi mukawaimitsa kamodzin'kamodzi m'paipi yachitsulo, presha imalumpha ndi pafupifupi 24 bar. Phokoso lija timalimva usiku ngati munthu wamenya paipi ndi hamala, n'kumaseka, ndi limeneli.

Nditatsika ndi pomwe ndinaona chomwe chinandichititsa tsembwe thupi lonse. Pansi penipeni pa elbow ija pali kampando ndi katebulo. Mnyamata wa shifiti ya usiku amakhala pamenepo polemba manambala a mageji, chifukwa ndi pomwe pali nyale yowala bwino. Ndadutsapo kambirimbiri, osaganizako.

Ku ofesi kwa bwana zinavuta. Anati ndikukokomeza, anati ma flange (zitsulo zolumikizira mapaipi ndi mabauti) ndi a Class 300 ndipo amapirira 51 bar. Ndinavomera kuti eya, pa 38°C amapiriradi 51.1, koma madzi sakafunsa kuti flange ili kuti, amatulukira pamene papyapyala. Kenako anati chabwino, tiyese laini tione ngati ingaphulike. Ndinati kuyesa ndi madzi kumafuna presha yochulukitsa ndi 1.5, ndiye pa 40 tikunena 60 bar, ndipo masamu anena kale zomwe zingachitike. Apo ndi pomwe anatulutsa mawu omwe anandiwiritsa mtima:

"Kapampu koyesera kanawonongeka. Bwanji tingogwiritsa kompuresa?"

Mpweya. Pa khoma la 1.9 mm. Madzi safinyika, ndiye paipi ikang'ambika presha imagwa nthawi yomweyo. Mpweya wopanikizidwa umasunga mphamvu, ndipo ukapeza potulukira umamwaza zitsulo. Ndinangoti, "Bwana, ngati mukufuna zimenezo, lembani kalata musaine nokha. Dzina langa lisakhalepo." Anakhala chete, n'kuyamba kusanthula mapepala a patebulo.

Lachinayi ndinalemba lipoti, n'kutsitsa presha yomwe valavu yotetezera imatsegukira, n'kuuza a zamagetsi kuti achedwetse katsekedwe ka valavu ya kumapeto ija. Pa msonkhano ndinamva kuti ndine amene "ndikuchedwetsa pulojekiti". Sindinayankhe, tulo tinali titandikwana.

Lachisanu analola kuti tidule mamita 3 n'kuikapo Schedule 80, ya khoma la 8.56 mm, laini ikadzaima sabata ya mawa. Ma elbow ena asanu ndi limodzi a pa laini yomweyo sindinawayeze, kontirakitala anatenga makina ake. Fomu yopempha athu ndailembanso kachitatu. Kampando kaja ndinakanyamula ndekha, n'kukaika pafupi ndi chitseko, ndipo mnyamata wa usiku wadandaula kale kuti kumeneko kuli mdima.