Lero taperekeza agogo a khomo loyandikana

Lachiwiri, 11 Novembala 2025, Nottingham, ku England

Ndaweruka 8 koloko m'mawa, koma lero sindinagone monga ndimachitira ndikachokera ku ntchito ya usiku. Ndinapempheratu kuti usiku uno ndipume, chifukwa 1 koloko masana timaperekeza agogo a khomo loyandikana ndi langa. Anatisiya pa 20 Okutobala. Werengani nokha masikuwo: masabata atatu ndi tsiku limodzi.

Pa siteji ya basi tinalipo anthu asanu ndi awiri, aliyense ataima payekha, mzere wosaoneka. Basi itafika, aliyense anakwera molingana ndi mmene anafikira, popanda wouza mnzake. Potsika, aliyense anathokoza dalaivala, nanenso ndinatero, iye n'kuyankha kuti "ta-ra, duck". Mawu amenewa lero andibaya mumtima, chifukwa munthu woyamba kunditchula choncho anali agogowa. Zaka zinayi zapitazo, ndikulowetsa masutikesi m'nyumba, anasuzumira pa mpanda n'kunena kuti "Ay up, me duck." Ndinamva bwino lomwe kuti anditcha bakha, ndipo kwathu bakha timatchula munthu wauve. Ndinalowa m'nyumba mtima uli myuu. Patapita masiku ndi pamene anzanga a kuntchito anandiuza kuti kuno ku Nottingham, ku Derby mpaka ku Stoke amenewo ndi mawu achikondi, onga mmene ife timanenera kuti mwanawe kapena achemwali.

Pa dzina tinalimbana miyezi ingapo. Iwo ankafuna ndiziwatchula dzina lawo loyamba, monga amachitira aliyense kuno, ngakhale mwana wa sukulu poitana nkhalamba. Ine lilime linkakana. Munthu wa zaka zoposa 80, wamkulu kuposa amayi anga ondibereka, ndingomutchula dzina ngati mnzanga wosewera naye fulaye? Tsiku lina ndinawafotokozera kuti kwathu munthu wa msinkhu wawo ndi agogo. Anayeserera kutchula kangapo, akuseka, ndipo kuyambira chaka chimenecho khadi yawo ya Khirisimasi, imene ankailowetsa pa kabowo ka makalata pa chitseko changa, inkathera ndi mawu oti Agogo.

Komabe pa zaka zinayi zonsezi m'nyumba mwawo ndinalowamo kawiri kokha. Macheza athu anali a pa mpanda, ndipo nkhani yake inali nyengo: kwazizira, kugwa mvula, dzuwa lawala pang'ono. Mumtima ndinkati amandikonda, koma chapatali.

Atamwalira, mwana wawo wamkazi analowetsa kakalata pa chitseko changa. Nditangowerenga ndinamanga chitenje, n'kuvala mpango, ulendo kukagogoda. Zii. Magetsi ozima, makatani otseka, chitseko chokhoma. Ndinaima pakhomopo kanthawi, maganizo ali kwathu ku Zomba: masamba ataikidwa pamsewu, moto utasonkhedwa panja, azibambo atauzungulira, ife azimayi tili m'nyumba ya siwa, kwaya ikuimba mpaka tambala woyamba. Apa msewu unali monga wa masiku onse, mwana wina akudutsa pa njinga. Mnzanga wa kuntchito, mbadwa ya kuno, anandilangiza kuti ndigule khadi ya chipepeso, ndilembemo kanthu kamodzi kamene ndimawakumbukira nako. Ndinatero. Poiponya ndinamva manyazi, ngati ndapeputsa maliro.

Cha m'ma 10 koloko, kwathu ili 12, ndinaimbira amayi.

"Ndiye ukuti akuika lero? Nanga thupi lakhala kuti masiku onsewa? Anthu akhala akugona pati?"

Ndinawauza kuti palibe amene wagona pa maliro. Lamulo la kuno limati imfa ilembetsedwe ku boma pasanathe masiku asanu, thupi limasungidwa ndi kampani yoyendetsa maliro, ndipo abale amadikira tsiku limene malo otenthera mitembo ali ndi mpata, komanso loti achibale akutali apeze tchuthi kuntchito.

"Kutentha? Mwanawe, munthu?"

Ndinati inde amayi, pa maliro khumi alionse kuno, pafupifupi asanu ndi atatu amatentha. Sikuti ndi mwambo wa makolo awo. Woyamba kutenthedwa motero anali mu 1885 ku Woking, ndipo nthawi imeneyo Angerezi ambiri zinkawanyansa monga zikuwanyansira amayi lero. Anakhala chete kaye, kenako anati, "Kaya. Koma upite ndithu, maliro n'kulirana. Ndipo usapite chimanjamanja."

Ndinathamangira ku sitolo yaikulu kukagula envelopu. Ndili pa mzere wolipira, mawu anamveka pa chimkuzamawu kuti 11 koloko yakwana, tonse tikhale chete mphindi ziwiri. Makina olipirira analeka kulira. Mayi wina amene ankasankha anyezi anaima, anyezi ali m'manja. Mnyamata wokankha matirole anaweramitsa mutu. Sitolo yonse ija, imene nthawi zonse imakhala piringupiringu, kunkangomveka mafiriji okha. Amakumbukira ola limene mfuti za nkhondo yoyamba ya dziko lonse zinaleka kulira pa 11 Novembala 1918, ndipo mwambowu unayamba mu 1919. Ambiri anali atabaya kaduwa kofiira ka pepala pachifuwa, kamene bungwe la Royal British Legion lakhala likugulitsa kuyambira 1921 pothandiza asilikali akale ndi mabanja awo. Ine m'mphindi ziwirizo ndinakumbukira chipilala cha asilikali a King's African Rifles chimene tinkachidutsa ku Zomba tili ana, ndi amene anafera pa Karonga mu Seputembala 1914, ndi amtengatenga amene anasenza katundu wa nkhondo ya eni ake mpaka kugwa nawo m'njira. Sindikhulupirira kuti m'sitolomo munali wina amene ankawaganizira, ndiye ndinawaganizira ine. Mphindi zitatha, mayi uja anaika anyezi ake m'basiketi, moyo n'kupitirira.

Galimoto ya maliro inafika mu msewu mwathu itangodutsa 12 koloko, yakuda, ya magalasi m'mbali, bokosi likuonekera. Mkulu woyendetsa mwambo, atavala chijasi chakuda ndi chipewa chachitali, anatsika n'kuyamba kuyenda wapansi patsogolo pake, pang'onopang'ono, mpaka pothera msewu. Apa ndi pamene ndinaona chinthu chimene sindinachionepo pa zaka zinayi: zitseko zinatseguka, anthu a mu msewu wathu n'kutuluka, aliyense kuima pakhomo pake. Bambo wachikulire wa tsidya la msewu anavula kapusi n'kuigwira pachifuwa. Palibe anabuma, palibe anayambitsa nyimbo. Kunkangomveka nsapato za mkulu uja pa tala.

Bambo yemweyo ndi mkazi wake ndi amene ananditenga pa galimoto yawo kupita ku Wilford Hill, kumene kuli malo otenthera mitembo. Anandiuziratu sabata yatha, nawonso kudzera pa kakalata.

M'kachipinda kopemphereramo ndinawerenga anthu 23. Ndinawerenga kawiri, chifukwa mtima sunkafuna kuvomera kuti munthu wa zaka 86, wobadwira mumzinda womwewu, aperekezedwe ndi anthu osadzaza ndi minibasi ziwiri zomwe. Aliyense anapatsidwa kabuku kokhala ndi zithunzi zawo, china ali mtsikana pa fakitale ya zoluka kumene ankagwira ntchito. Wotsogolera mwambo sanali m'busa, anali mayi amene ntchito yake ndi imeneyo, kufotokoza mbiri ya womwalira monga abale amuuzira. Nyimbo zinali za pa makina. Pena anthu ankaseka, akamva za mmene agogo ankakanira tiyi wothira mkaka wambiri.

Kenako mwana wawo uja anaimirira kuti alankhule. Anawerenga mizere itatu, mawu n'kutsamwa, misozi n'kuyamba. Ndipo mawu amene anatuluka pakamwa pake anali oti "sorry". Anapepesa. Munthu ali pa maliro a mayi ake omubereka, akupepesa anthu chifukwa walira! Mawu amenewa ndimawamva kambirimbiri pa tsiku, mpaka amene wapondedwa phazi ndiye amayamba kupepesa, ndipo ndinawazolowera. Koma apa anandipweteka kwambiri. Thupi langa lonse linkafuna kudzuka, ndikamugwire, ndilire naye mokweza kuti asachite manyazi. Ndinayang'ana anzanga. Onse anali ataweramitsa maso pa tibuku tawo, osamuyang'ana, kumudikira. Mlongo wake anangoika dzanja pamsana pake. Patapita kanthawi anapuma mozama n'kumaliza zonse zimene analemba.

Katani itayamba kutseka pang'onopang'ono kubisa bokosi, ine ndinalephera kudzigwira, kulira kunandipulumuka. Palibe anacheuka. Mayi amene ndinakhala naye pafupi, wosamudziwa, anandiika kapepala kopukutira misozi pa bondo, maso ake ali kutsogolo. Mwambo wonse unatenga theka la ola. Tikutuluka khomo la kumbali, banja lina linali litaima kale ku khomo la kutsogolo kudikira nthawi yawo.

Envelopu yanga ija, ya mapaundi 20, sindinapereke m'manja mwa anamfedwa. Kuno ndalama ya m'manja imachititsa manyazi wolandira. Pakhomo panali kabokosi, ndipo kabuku kaja kanali katanena kale kuti maluwa ndi a banja lokha, ena amene akufuna apereke ku nyumba yosamalira odwala kayakaya kumene agogo anathera masiku awo. Ndinaponya mmenemo. Amayi ndidzawauza kuti sindinapite chimanjamanja.

Titachoka kumeneko tinapita ku pub ina yapafupi, malo omwera mowa, kumene anatikonzera chipinda: masangweji odula timagawo, timasoseji tokutira mu ufa, makeke, tiyi. Bambo wa kapusi uja anafunsa tonse a pa tebulo lathu chimene timwe n'kukagula. Ndimadziwa tsopano kuti ukalandira, ulendo wina ndi wako, ndiye matambula atatsika ndinadzuka inenso, ngakhale changa chinali madzi a malalanje. Anthu ankacheza, kuseka, kukumbutsana za kale. Ine ndinali duu, mtima udakali pa "sorry" uja.

Mwana wa malemu anabwera kudzakhala pambali panga. Anathokoza chifukwa cha khadi, anati anaiwerenga kangapo. Kenako anati, "Mukudziwa kuti amayi anali ndi mashifiti anu pa kalendala ya kukhitchini?"

Sindinamvetse. Anafotokoza kuti agogo ankaona nthawi imene ndikutuluka ndi yunifolomu madzulo, n'kulemba kachizindikiro pa tsikulo. Mawa lake sankayatsa makina opopa fumbi kapena ochapira mpaka 2 koloko masana, wailesi ankaitsitsa, ndipo iyeyo akabwera kudzawaona ndi ana ankauzidwa kuti asathamange pa masitepe, chifukwa khoma ndi lopyapyala ndipo mtsikana wa ku Malawi akugona. Bini yanga ya zinyalala, imene ndinkaipeza itabwezedwa kuseri kwa mpanda sabata iliyonse, ndinkayesa kuti amabweza ndi anthu otola zinyalala. Anali iwo, ndi ndodo yawo ija. Masabata atatu apitawa yakhala ikutsala pamsewu mpaka nditadzuka, koma sindinaganize n'komwe.

Zaka zinayi, osanditchulirako ngakhale kamodzi. Tikakumana pa mpanda ankangoti kwazizira lero.

Ndinalira kachiwiri, ndipo ulendo uno mayiyo anandigwira dzanja.

Sindikufuna kunama kuti tsopano zonse za kuno ndazivomereza. Usiku uno mayi ameneyu ali kunyumba kwake ndi mwamuna wake ndi ana basi, ndipo Lachinayi akubwerera kuntchito. Kwathu bwenzi azakhali ndi apongozi atamuzungulira mpaka tsiku lometa, wina akumuphikira phala, wina akumuthira madzi osamba. Pa ntchito yanga yosamalira okalamba ndimaona nkhalamba zimene zimatha mwezi wathunthu osaona mlendo, abale akuti sakufuna kusokoneza. Ulemu wosafuna kulowerera za mnzako uli ndi mtengo wake, ndipo amene amaulipira kwambiri ndi okalamba. Zimenezi ndipitiriza kuzinena. Koma mlandu umene ndinkawazenga agogo mumtima, woti amandikonda chapatali, lero ndauchotsa. Ndipo anthu aja amene anaweramitsa maso mayi akulira, ndinawaona ngati ouma mtima, pamene iwo ankamupatsa mpata woti amalize mawu ake.

Potsanzikana mwana wa malemu uja anandiuza kuti Loweruka adzakhala akulongedza katundu m'nyumbamo, ndidzabwere 3 koloko tidzamwe tiyi. Kuno munthu akati mudzabwere tsiku lina, n'kungosangalatsana pakamwa. Akatchula tsiku ndi ola ndiye kuti akuitanadi.

Ndafika kunyumba hafu pasiti 4 kutada kale. Mawa ndi tsiku la zinyalala, ndiye ndatulutsa bini yanga, n'kutulutsanso ya kwa agogo, yodzaza ndi zimene ana awo ayamba kutaya. Bambo wa tsidya anali akutulutsa yake, anakweza dzanja, nanenso ndinakweza.

Ndamulembera mayi uja uthenga pa foni kufunsa ngati ndingabweretse mandasi Loweruka. Wayankha pompano kuti angakondwe kwambiri, ndipo wafunsa kuti mandasi n'chiyani.