Guluu wa matailosi si wokwirira maenje

Nyumba zambiri zimene ndimaitanidwa kukaika matailosi ku Chilomoni ndi ku Ndirande ndi zakalekale, za simenti yofiira ija imene amayi athu ankaipukuta ndi Cobra mpaka kumachita kung'anima. Poyang'ana ndi maso pansi pamaoneka bwinobwino. Koma tagonekanipo thabwa lowongoka la mamita 2, mugwade n'kusuzumira kunsi kwake. Pena kuwala kumadutsa, pena chala chimalowa, pena thabwalo limagwedera pa kachitunda. Mpata ukapitirira mamilimita 3, ine thumba la guluu sinditsegula.

Apa ndi pamene timakokana ndi eni nyumba. "Amisiri, bwanji osangochulutsa guluu pamene palowapo?" Ndimawamvetsa ndithu. Ndalama zathera kugula matailosi, ndiye wina akukuuzaninso za simenti ndi mchenga. Koma guluu akachuluka amafota pouma n'kukokera tailosi pansi, inzake n'kutsala m'mwamba, ndipo m'mphepete mwake ndi momwe mwana amadzapunthwa chala.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi chizolowezi choika zibuma zisanu za guluu kunsi kwa tailosi, zinayi m'makona, chimodzi pakati, n'kuikanikiza mpaka ifanane ndi inzake. Tsiku lolipira pamakongola, bwana amasangalala. Koma kunsiko kwatsala mphako. Igogodeni ndi kiyi, imalira ngati ng'oma. Mwendo wa bedi kapena wa filiji ukaponda pamenepo, tailosi imang'aluka, ndipo nthawi zambiri mtundu womwewo kusitolo umakhala utatha. Matailosi akuluakulu a masentimita 60 mbali zonse, amene anthu akuwakonda masiku ano, ndiwo sakhululuka n'komwe.

Ine ndimayamba ndi paipi yoonekera mkati, ndimathiramo madzi, ndipo poti madziwo amaima mofanana kumapeto onse awiri a paipiyo, ndimawatsata n'kulemba mzere wofanana kuzungulira makoma onse. Kuchokera pamzerewo ndimayeza kutsika pansi, ndipo malo okwera ndi olowa amadziulula okha. Kenako hamala ndi chizulo. Simenti yofiira ija iyenera kusemedwa paliponse, chifukwa pa polishi palibe chimene chimagwira. Tikasesa fumbi ndi kunyowetsa, timapaka phala la simenti, n'kuyala dothi la muyezo umodzi wa simenti ku miyezo 4 ya mchenga wa kumtsinje, osati wosakanikirana ndi matope. Timalikoka ndi thabwa lija mpaka lifanane.

Ndiye kudikira. Sabata yoyamba timathirira madzi, kenako timapasiya paume masabata ena awiri kapena atatu. Ambiri apa mtima umawathamanga, koma simenti yaiwisi imakhala ikufotabe, ndipo imathyola matailosi amene mwayala pamwamba pake.

Musaiwale zitseko. Pansi pakakwera, chitseko chathabwa chimangopalidwa kunsi, koma chachitsulo chimafuna wowotcherera, choncho yezani musanayambe. Kubafa kokha ndi kumene timapendeketsa dala, kuti madzi azitsetserekera ku dzenje lotulukira m'malo moima pakona.